Olembedwa ntchito yotentha tchire

Ndikauza munthu kuti ndimagwira ntchito yotentha tchire, kawirikawiri amayesa kuti ndalakwitsa kuyankhula, ndimafuna kunena kuti yozimitsa moto. Koma ndi momwemo, ndimayatsa. Alipo anthu m'mayiko ambiri amene anaphunzira, analemba mayeso, ndipo amalipidwa kuti aziyatsa moto m'nkhalango ndi m'malo osungirako nyama zakutchire, pa tsiku losankhidwa ndi pamalo olembedwa malire. Achinyamata amandifunsa njira yolowera ntchito imeneyi, ndiye lero ndifotokoze. Ndinenetu poyamba kuti moto umene umawakopawo ndi kachigawo kochepa kwambiri ka ntchito yonse.

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Kwa ife mawu amenewa ndi phunziro loyamba la ntchito. Kumene mvula imagwa nyengo imodzi kenako n'kupita miyezi yambiri popanda dontho, udzu wouma, masamba ndi nthambi zogwa siziola msanga, zimangounjikana. Tsiku lina zidzapsa ndithu, kaya ndi mphezi kaya ndi munthu. Zikapsa mvula itangosiya kumene, udzu ukadali ndi chinyezi, moto umayenda pansipansi, umasiya zigamba zosapsa zothawirako nyama, ndipo usiku ukazizira umazima wokha. Zikapsa kumapeto kwa chilimwe, dzuwa likuswa mtengo ndipo mphepo ili pamwamba, malawi amafika kunsonga za mitengo n'kupha ndi mphukira zomwe. Katswiri wina, Colin Trapnell, anatsatira zimenezi pa minda yoyeserera ku Ndola, m'dziko la Zambia, imene inayambika m'zaka za m'ma 1930. Pamene ankatentha mochedwa chaka ndi chaka, mitengo ya miombo inatha n'kutsala yopirira moto yokha, koma pamene ankatentha msanga nkhalango inakhalabe. Ku Kruger National Park, malo osungirako nyama a ku South Africa, nako kuli minda yoyeserera moto imene yakhala ikutenthedwa motsatira ndondomeko kuyambira mu 1954, ndipo ophunzira amapitabe kukaiona mpaka lero.

Dziko la America linaphunzira phunziroli mowawa. Mu 1935 nthambi yawo yoona za nkhalango inalamula kuti moto uliwonse uzikhala utazimitsidwa pofika 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Anachitadi zimenezo kwa zaka zambiri, nkhalango zinathinana, zinyalala zinaunjikana, ndipo moto umene unadzabwera pambuyo pake unali woti palibe munthu angauime kutsogolo. Pa nthawi yomweyo Herbert Stoddard, amene ankafufuza za mbalame zofanana ndi zinziri kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, ankanena kuti nkhalango za paini za kumeneko zimadwala zikasowa moto. Ambiri ankamuona ngati wosokoneza. Malo a kafukufuku a Tall Timbers ku Florida, amene iye anathandiza kukhazikitsa mu 1958, lero ndi amodzi mwa malo amene anthu a ntchito yathu amapita kukasulidwa. Ku South Africa kulinso zitsamba zotchedwa fynbos zimene mbewu zake zina zimadikira moto kapena utsi kuti zimere.

Musatengepo kuti moto ndi wabwino paliponse. Nkhalango zobiriwira chaka chonse, za m'mapiri ndi za m'mbali mwa mitsinje, sizinazolowere moto ndipo zikapsa zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere, mwina osabwereranso. Madambo amene dothi lake ndi zomera zoola akauma n'kugwira moto amanyeka kunsi kwa miyezi. Nthawi zambiri timatentha udzu wozungulira malo otere n'cholinga choti moto wolusa ukadzafika usapeze podutsa.

Tsiku loyatsa limayamba miyezi ingapo lisanafike. Pamakhala chikalata cholembedwa, chonena chimene tikufuna motowo uchite: kuchepetsa udzu, kubweza zitsamba zimene zikulanda msipu, kapena kutsegulira mbewu zina malo. Chimanena kutentha kwa dzuwa kumene tingayatsire, chinyezi cha mumpweya, liwiro la mphepo ndi kumene ikuchokera, chiwerengero cha anthu ndi galimoto zamadzi, kumene utsi udzalowere, ndi amene tidzamuimbire zinthu zikavuta. Kenako pamabwera khasu, chikwanje ndi thirakitala, kulambula njira zotchinga moto mpaka dothi lioneke. Achinyamata ambiri amagwa mphwayi pamenepa, pakuti munthu angalambule masabata atatu chifukwa cha moto wa maola anayi.

Patsikulo mtsogoleri, amene pa Chingerezi amamutcha burn boss, amasonkhanitsa gulu lonse. Aliyense ayenera kudziwa amene akuyang'anira moto ali pamalo okwera, mmene tizilankhulirana pa wailesi, njira yothawira, ndi malo otetezeka othawirako. Timayatsa kaye kamoto koyesera pakona n'kuona khalidwe lake. Tikakhutira, timayambira mbali imene mphepo ikulowera, kuti moto uziyenda mobwerera, molimbana ndi mphepo, pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ukasiya lupsa lotambalala bwino, ndiye timazungulira m'mbali, ndipo pomaliza timayatsa woyenda ndi mphepo, umene ukafika palupsa paja umasowa chakudya n'kufa. Choyatsira chathu ndi chitini cha mlomo wautali chotchedwa drip torch, chimene chimadontheza dizilo wosakaniza ndi petulo pang'ono. M'mbuyo mwa woyatsa mumayenda ena ndi zikwapu zamphira ndi mapampu a kumsana, maso ali kumbali yosapsa, chifukwa kaphulusa kamoto kouluka ndi kamene kamadumpha njira. Phiri nalo lili ndi lamulo lake. Moto umathamanga pokwera, ndipo akatswiri a ku Australia amaphunzitsa kuti chitunda chikawonjezeka ndi madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri.

Zonsezi munthu angaziphunzire pa nyengo ziwiri kapena zitatu. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa kukana. Ndikukumbukira m'mawa wina titakonzeka ndithu, anthu afika, galimoto zadzaza madzi, eni malo akudikira, ndipo nyengo yoyatsira yatsala masiku ochepa. Kamoto koyesera kanayaka bwino, koma utsi wake unkapendekera uku n'kubwerera uko, ndipo chinyezi chinali kutsika msanga kuposa mmene olosera zanyengo ananenera. Amene ankatitsogolera anafikisa udzu m'manja, anayang'ana kumwamba kanthawi, n'kunena kuti tizimitse tibwerere. Ena anang'ung'udza, inenso mumtima sindinakondwe. Pofika masana mphepo inatembenuka n'kuwomba mwamphamvu kulowera mbali imene njira yathu inali yopapatiza. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamayesa wophunzira sindiyang'ana kwambiri mmene amagwirira choyatsira. Ndimayang'ana ngati angathe kuimirira pamaso pa anthu makumi awiri otopa ndi bwana wokwiya n'kunena kuti lero sitiyatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wa phuma pantchito imeneyi amaika miyoyo ya anzake pachiswe.

Sindikunena izi pongoopseza. Mu Meyi 2000, moto woyatsidwa mwadala ku malo otetezedwa a Bandelier National Monument, m'chigawo cha New Mexico ku America, unapulumuka n'kutentha nyumba zoposa 200 m'tauni ya Los Alamos. Mu 2022, m'chigawo chomwecho, moto uwiri wochokera ku ntchito ngati yathuyi unakumana n'kukhala moto waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya chigawocho. Umodzi mwa iwo, wa Calf Canyon, unachokera pa milu ya nthambi imene inatenthedwa mu Januwale. Unanyeka mwakachetechete pansi pa chipale, n'kudzadzuka mu Epulo. N'chifukwa chake malawi akatha sitipita kunyumba. Timayenda m'malire monse, kufukula zitsa, kugwetsa mitengo yamphako imene ikufuka, kuthira madzi, kuyandikiza kuseri kwa dzanja paphulusa kuti timve ngati pakutentha, ndipo timabweranso mawa lake ndi mkuja. Utsi nawo ndi mlandu wathu. Usiku mpweya ukazizira, utsi umatsikira m'zigwa n'kukhala pamisewu, ndipo woyatsa wosaganizira zimenezi angachititse ngozi ya galimoto kutali ndi kumene iye wayatsa.

Nanga munthu amalowa bwanji? Pafupifupi aliyense amayambira pansi, m'gulu logwira zida, nthawi zambiri pa ntchito ya nyengo imodzi. Ku America woyamba kumene amachita maphunziro otchedwa S-130 ndi S-190, okhudza kazimitsidwe ka moto ndi khalidwe lake, kenako amayesedwa mphamvu poyenda makilomita pafupifupi 5 atasenza katundu wa makilogalamu 20 pa mphindi 45. Kukwera kwake n'kwa pang'onopang'ono. Udindo uliwonse uli ndi kabuku kake kamene wokuyang'anira amasainira akakuona ukuchita ntchitoyo pamoto weniweni, ndipo kufika pa utsogoleri kumatenga zaka. Bungwe loteteza zachilengedwe la The Nature Conservancy limakonza misasa yotchedwa TREX kumene anthu a mabungwe ndi mayiko osiyanasiyana amaphunzira akuyatsira limodzi. Ku South Africa, ndondomeko ya boma ya Working on Fire, imene inayamba mu 2003, yaphunzitsa ndi kulemba achinyamata zikwizikwi, atsikana ambiri ali momwemo. Ndipo ndinene pano kuti ena mwa atsogoleri odekha kwambiri amene ndagwira nawo ntchito ndi amayi.

Wofuna kufika polemba ndondomeko ndi kuyang'anira malo onse amafunika sukulu: za nkhalango, za zamoyo ndi malo okhalamo, za msipu, kapena za nyama zakutchire, monga zimene zimaphunzitsidwa ku koleji ya Mweka ku Tanzania, imene inatsegulidwa mu 1963. Masiku ano mwayi waukulu uli kwa odziwa kujambula mapu pa kompyuta ndi kuwerenga zithunzi za setilaiti, chifukwa zida zamumlengalenga monga MODIS zimaonetsa pamene pali moto tsiku ndi tsiku, ndiponso malo amene apsa. Odziwa zanyengo, oyendetsa ndege zazing'ono zopanda munthu, ndi amakaniko a mapampu nawonso amafunika. Koma digiri yopanda mwaye m'zikhadabo ndimaikayikira. Ndondomeko zoipa kwambiri zimene ndinawerengapo zinalembedwa ndi anthu amene sanaimepo pafupi ndi moto n'kumva mphepo ikutembenukira pakhosi pawo.

Masiku oyatsa pachaka ndi owerengeka. Miyezi yotsalayo woyang'anira malo amazula zomera zachilendo zolanda malo monga lantana, amakonza mipanda ndi misewu, amatseka zigwembe, amawerenga nyama ndi mitengo, amatola mbewu, amalemba malipoti ndi makalata opempha thandizo la ndalama. Ndipo amakhala pansi ndi anthu. Mbali imeneyi ophunzira amaipeputsa, koma moto sudziwa malire a mapu, ndipo oyandikana nanu akapanda kumvetsa chimene mukuchita, ndondomeko yanu yafa isanayambe. Nthawi zambirinso iwowo amadziwa malowo kuposa inu. Kumpoto kwa Australia, Aaborijini, eni nthaka oyambirira a kumeneko, anatentha dziko lawo m'zigambazigamba kwa zaka zikwi zambiri, ndipo atachotsedwa m'malo awo moto wolusa wa kumapeto kwa chilimwe unachuluka. Mu 2006 ku West Arnhem Land kunayamba mgwirizano woti alonda achiaborijini azitentha msanga monga ankachitira makolo awo, ena poyenda pansi ena pa helikopita, ndipo kampani ina ya gasi izilipira chifukwa cha kuchepa kwa mpweya woipa wopita kumwamba. Ntchito zambiri zabadwa kumeneko, ndipo nkhalamba zimene nzeru zawo zinkanyozedwa ndi zimene zikuphunzitsa.

Zowawa zake sindibisa. Ntchito zambiri zoyambira ndi za miyezi yochepa, malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi thukuta lake, ndipo munthu amakhala kutali ndi banja pa nthawi imene nyengo yalamula, osati imene iye wasankha. Utsi umalowa m'chifuwa chaka ndi chaka. Mu 2022 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika ntchito yolimbana ndi moto m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, choncho kusinthana pamalo a utsi wambiri ndi kuchapa zovala zamwaye si nkhani yamasewera. Zovala za nayiloni musayandikire nazo moto, zimasungunukira pakhungu. Pamafunika nsalu yosagwira moto kapena ya thonje lokhalokha, nsapato zachikopa, magolovesi ndi chipewa cholimba. Ndipo mtsogoleri amagona ndi nkhawa imene ena sagona nayo, pakuti moto ukapulumuka dzina lolembedwa pachikalata ndi lake.

Wachinyamata amene wawerenga mpaka pano chidwi chikadalipo, ndimamuuza kuti agule kabuku ndi pensulo asanagule china chilichonse. Pa moto uliwonse umene angakhalepo, ngakhale atangonyamula madzi, alembe tsiku, nthawi, mphepo, chinyezi, kutalika kwa udzu ndi kwa malawi. Kenako abwerere pamalo omwewo mvula yoyamba ikagwa, akaone chimene chaphuka ndi chimene chafa, nyama zimene zabwera kudzadya msipu watsopano, ndi mphukira zimene zapulumuka. Langa loyamba ndikadali nalo, lakuda ndi mwaye, ndipo ndisanalembe ndondomeko ya malo amene ndinatenthapo kale ndimayamba ndalitsegula.