Madzi osefukira kuchigwa cha Shire sachokera ku ayezi wa m'mapiri

Pali mphekesera imene imazungulira pa WhatsApp ku Chikwawa ndi Nsanje mvula ikayandikira: akuti Shire amasefukira chifukwa madzi oundana a paphiri la Kilimanjaro akusungunuka n'kutsikira kuno. Si zoona, ndipo bodzali limatiiwalitsa kumene ngozi imachokera.

Kusungunukako kulipodi. Akatswiri amazika ndodo mu ayeziyo, chaka chikatha n'kuyeza kuti ndodo yaonekera kutalika bwanji, kenako n'kufananiza ndi zithunzi zakale ndi za setilaiti. Chipale chofewa chogwa pachaka chikachepa kuyerekeza ndi ayezi wotayika, mulu wonse umaphwa. Kilimanjaro wataya ayezi wopitirira magawo 80 pa 100 alionse chiyambire 1912. Kumeneko vuto si kutentha kokha: mpweya wauma, chipale chikugwa chochepa, ndipo ayezi wina amangouluka ngati nthunzi osasanduka n'komwe madzi.

Koma madzi a phirilo amalowa mumtsinje wa Pangani ku Tanzania n'kukathera m'nyanja ya mchere ya India. Safika m'nyanja ya Malawi. Mulanje nayenso alibe ayezi wokhalitsa, ngakhale pa Sapitwa, mamita 3,002.

Chimatimiza ife ndi mvula yamphamvu yogwa ku Mulanje, Thyolo ndi Mwanza. Ruo akadzaza amatchinga Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera ku Elephant Marsh, pomwe mitsinje yakwiririka ndi mchenga wochokera m'mapiri ometedwa mitengo. Kutentha kwa dziko kumene kukudya ayezi kumatenthetsanso nyanja, ndipo namondwe ngati Freddy wa mu 2023 amanyamula mvula yochuluka.