CFINT ndi msonkho wa sikirini yobiriwira

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri osamalira makompyuta a kampani ya IBM otchedwa AS/400 anayamba kukumana ndi chinthu chowazunguza mutu. M'maofesi anthu ankadandaula kuti makina akuchedwa: kalaliki adina Enter, yankho osabwera, kasitomala ali chiimire. Katswiri akayang'ana mndandanda wa zimene zikuyenda m'makinamo, ankapeza kuti chimene chikudya mphamvu ya purosesa si pulogalamu ya malipiro kapena ya katundu, koma ntchito ina ya makina eniakewo yotchedwa CFINT. Ankawonjezera memory, kusuntha ntchito zolemera kuti ziziyenda usiku, kusintha ntchito zoyenera kutsogola ndi zoyenera kudikira, koma osaphula kanthu. Makinawo sanali owonongeka. Ankachita zimene IBM inawapangira.

AS/400 inatuluka mu June 1988 kuchokera ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota ku America, kulowa m'malo mwa System/36 ndi System/38. Makampani apakatikati anaikonda chifukwa sinkavuta: ogulitsa zinthu zapikulitsa, mafakitale, mabanki ang'onoang'ono. Ogwira ntchito ankaifikira kudzera pa sikirini ya 5250, yakuda ya zilembo zobiriwira, ndipo mapulogalamu ambiri ankalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa RPG. Ntchito zinali za mitundu iwiri. Ya interactive ndi imene munthu ali pa kiyibodi akudikira yankho. Ya batch ndi imene imadziyendera yokha kuseri, monga kuwerengera malipiro a pamwezi.

Kenako makompyuta oyendera Unix ndi Windows NT anabwera ndi mitengo yotsika, ndipo IBM inapanikizika. Ikanatsitsa mtengo wa AS/400 kwa aliyense, ikanataya ndalama zambiri zochokera kwa makasitomala akale, amene analibe kothawira chifukwa bizinesi yawo yonse inali m'mapulogalamu a 5250. Ikanausiya pamwamba, atsopano sakanabwera. Njira imene inasankha inali yogulitsa mphamvu ya makina amodzi pamitengo iwiri. Inatulutsa mitundu yotchedwa server, yotsika mtengo, yothamanga pa ntchito za batch ndi zamakono, koma yomangidwa miyendo pa ntchito za sikirini yobiriwira. Pofika 1999, pa mitundu ya 720, 730 ndi 740, mphamvu ya interactive inkagulidwa payokha ngati kakhadi koika m'makina. Kakhadiko sikankawonjezera liwiro lililonse. Kankangouza makina malire a kasitomalayo, oyezedwa mu CPW, muyezo wa IBM wa mphamvu ya makina, ndipo mtengo wake pamakina aakulu unkatha kuposa wa makina enieniwo.

Ntchito za 5250 zikadutsa malirewo, CFINT inkafufuma n'kuyamba kumeza mphamvu ya purosesa. Apa ndi pamene panali powawa kwambiri, chifukwa pa mitundu ina kuchedwako sikunkagwera a pa sikirini okha, kunkakhudzanso ntchito zina zonse. Ogwiritsa ntchito makinawa anachitcha governor, dzina la kachipangizo koletsa galimoto kupyola liwiro loikika, ndipo ndalama zake anazitcha interactive tax, kutanthauza msonkho wa ntchito za interactive. Kwa ine dzina la msonkholi n'loyenera. Amene ankalipira kwambiri anali amene anakhala ndi IBM zaka zambiri mokhulupirika, pomwe mlendo wobwera ndi mapulogalamu amakono ankalandiridwa ndi mtengo wabwino.

Cha m'ma 2001, makinawa atasinthidwa kale dzina kukhala iSeries, panatuluka pulogalamu yotchedwa Fast400. Inkachititsa kuti ntchito za pa sikirini zisawerengedwe ngati za interactive, motero CFINT sinkadzuka, ndipo makina otsika mtengo ankathamanga ndi mphamvu zawo zonse. IBM inati zimenezi n'kuphwanya pangano la laisensi ya mapulogalamu a mkati mwa makina. Inkatulutsa ma PTF, timapulogalamu tokonzera makina, otseka njirayo, eni Fast400 n'kutsegula ina, IBM n'kutsekanso. Makasitomala anagawanika. Ena ankati purosesa anaigula ndi ndalama zawo, ili m'chipinda chawo, ndiye palibe wowaletsa kuigwiritsa ntchito yonse. Ena ankati anasainira okha mphamvu yochepa pamtengo wochepa, ndipo kutenga yoposa pamenepo n'kudya zosalipira. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mphamvu pamalamulo, komabe sindingadzudzule katswiri amene bwana ankamukalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha kuchedwa kumene sakanatha kukonza ndi luso lililonse. Nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mu 2005 mbali ziwirizi zinagwirizana, Fast400 n'kuchoka pamsika.

IBM inali itayamba kale kusintha kagulitsidwe. Mu 2003 inabweretsa Standard Edition, yopanda mphamvu ya 5250 yogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi Enterprise Edition, yotsegula yonse koma yokwera mtengo. Inalimbikitsanso WebFacing, chida chosandutsa masikirini obiriwira kukhala masamba a pa browser, ndipo pulogalamu yosandutsidwa chonchi sinkafuna mphamvu ya interactive. Mu 2008 makinawa anaphatikizidwa ndi a Unix a IBM pansi pa dzina la Power Systems, ndipo OS/400, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa, lero imatchedwa IBM i. Mapulogalamu a RPG olembedwa nthawi ya CFINT akuyendabe m'makampani ambiri, pa sikirini yobiriwira yomwe ija.