Ku Florida anasuntha tsiku loyambira, koma masiku akadali 60

Ndatopa nako kumva anthu, kuphatikizapo ena odzitcha alangizi, akunena kuti aphungu a ku Florida ku America anawonjezeredwa nthawi pamene anayamba kukumana mu Januwale. Sanawonjezeredwe ngakhale tsiku limodzi. Malamulo aakulu a Florida amapatsa nyumba ya malamulo ya ku Tallahassee, likulu la Florida, masiku 60 otsatizana, kuwerengera Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo kuti masikuwo atalikitsidwe pamafunika mavoti a aphungu atatu mwa asanu alionse m'zigawo zonse ziwiri za nyumbayi, Senate ndi House of Representatives.

Chimene chinasintha mu Novembala 2018, anthu atavomereza pa voti kusintha kwa malamulo aakuluwo kotchedwa Amendment 10, n'chakuti m'zaka zothera ndi nambala yogawika pawiri, monga 2024, nyumbayi imatsegulidwa mu Januwale, pamene m'zaka zinazo imatsegulidwabe mu Malichi. Zaka za Januwalezo ndi zachisankho, ndipo popeza aphungu saloledwa kusonkhetsa ndalama za kampeni nyumba ili mkati mokambirana, kuweruka msanga kumawakomera. Chimene sindinachikonde n'chakuti pa pepala lovotera funso la kusinthaku linamangidwa mtolo umodzi ndi nkhani zina zosagwirizana nalo, monga yosankha akuluakulu a m'maboma aang'ono, moti wovota sakanatha kulola china n'kukana chinzake.

Koma chimene chimandiwawabe mumtima ndi gulu lina la makolo limene linandipeza kumapeto kwa Febuluwale m'chaka chachisankho, litanyamula mafayilo okonzedwa bwino ndi mayina a anthu osainira pempho lawo. Mlangizi wawo, amene anali atalandira kale malipiro ake, anawauza kuti nyumba itsegulidwa mu Malichi. Pamene ankandiyalira mapepalawo patebulo n'kuti kutatsala milungu iwiri yokha kuti aphungu aweruke, makomiti ambiri atatseka kale ntchito, ndipo khomo loperekera mabilu linali litatsekedwa pa tsiku lotsegulira lomwelo. Ndinasowa mawu owatonthoza nawo, chifukwa anayenera kudikira mpaka chaka chotsatira.

Choncho musadalire munthu amene sangakuuzeni tsiku limene makomiti ayambe kukumana. Makomitiwo amakumana miyezi ingapo nyumba isanatsegulidwe, ndipo ngati kutsegulira kuli mu Januwale, phungu wokunyamulirani bilu muyenera kukhala mutamupeza pofika Seputembala kapena Okutobala wa chaka cham'mbuyo.