Lumo silichiza mauka

Pali mawu amene ndatopa kuwamva pa ntchito yanga kuno ku Kasungu: "Adokotala, tinayamba tadula kaye kumudzi." Amene amanena zimenezi amakhala mayi amene akulephera kukhala bwino pa benchi, atatsamira mbali imodzi chifukwa cha bala.

Zimene adulazo nthawi zambiri zimakhala njerewere za kumaliseche, zimene ambiri amaziika m'gulu la mauka. Zimabwera ndi kachilombo ka HPV, makamaka mitundu ya 6 ndi 11. Kachilomboko kamakhala m'khungu lozungulira, osati m'kanyama kotukukako kokha ayi. Wodula wasadza nthambi, chitsa wachisiya, ndipo chiphukanso. Nthawi zina chodulidwacho si njerewere n'komwe, ndi thupi labwinobwino limene mayi anabadwa nalo.

Mayi wina wa cha ku Chamama sandichoka m'mutu. Mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu anatentha thupi, apongozi n'kunena kuti vuto lili kwa make, akadulidwe. Anamudula katatu, n'kumuthira phulusa losakaniza ndi mizu. Pofika kwa ife, mwanayo zikhatho zinali zitayera, malungo atamumaliza magazi. Tinamuthira magazi, anapulumuka. Mayiyo nditamuona, njerewere zinali zitathithikana ngati mabulosi, pakati pake mabala a lumo akutuluka mafinya. Ndinamufunsa ngati lumolo linali latsopano. Anangowerama.

"Agogo aja ali ndi lawo limodzi, amasunga m'kachitini."

Tinamuyeza, anapezeka ndi HIV, osadziwa. N'chifukwa chake njerewerezo zinakula motero, pakuti chitetezo cha m'thupi chikatsika zimasangalala. Anayamba ma ARV, tinatsuka mabala, n'kumuuza kuti akapola abwere tiyambe kupaka mankhwala. Anabwera kamodzi. Sabata yotsatira sanaoneke, mwina inali nyengo yothyola fodya, mwina ya kabaza inasowa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti lumo lija linapita pa angati iye atachoka.

Kuchipatala timapaka mankhwala otchedwa podophyllin, titateteza khungu la m'mbali ndi vaselini. Mumatsuka pakatha maola anayi, n'kubweranso sabata yamawa, ndi inzake, kufikira zitafota. Zikuluzikulu timaziwotcha, kuziumitsa ndi mpweya wozizira, kapena kuzichotsa titachititsa dzanzi pamalopo. Inde, zimatha kubwereranso. Si kuti mankhwala alephera kapena wina wakulodzani. Thupi lenilenilo ndi limene limagonjetsa kachilomboka, ndipo kwa ambiri zimatenga chaka kapena ziwiri.

Koma podophyllin yemweyu, chonde, musagule m'kabotolo kopanda dzina kwa anyamata a pa msika. Amawotcha. Kwa mayi woyembekezera sitimupaka n'komwe chifukwa angavulaze mwana m'mimba, chonsecho pa mimba m'pamene njerewere zimakula msanga ndipo m'pamene anthu amathamangira njira zachidule. Za asidi wa m'batire ndiye ndisanene, ndaona bambo atadzisupula yekha, njerewere zili pomwepo.

Chimandiwopsa koposa n'chakuti si chotupa chilichonse cha kumusi chimene chili njerewere. Chindoko chimatulutsa zofanana nazo, ndipo icho chimafuna jekeseni. Khansa nayo imayamba ngati kanthu kopanda ntchito. Chotupa cholimba, chotuluka magazi, chonunkha kapena chosapola, chimenecho sichidikira kuti mugulitse kaye fodya. Mitundu ya HPV yobweretsa khansa ya khomo la chiberekero, monga 16 ndi 18, ndi ina, ndipo siionetsa njerewere. Choncho mayi amene wabwera ndi njerewere timamutumizanso kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, kumene amapaka viniga pakhomopo n'kuliyang'ana. Katemera wa HPV amene dziko lino linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 amateteza asanakumane nako kachilomboka, sachotsa njerewere zimene zamera kale.

Abambo, inu amene mumati "ine ndilibe kanthu," bwerani limodzi ndi akazi anu. Munthu amatha kukhala nako popanda chizindikiro, ndipo njerewere zimatha kutuluka patapita miyezi, ndiye milandu yoti wabweretsa ndani isiyeni. Kondomu imachepetsa, koma siphimba khungu lonse. Ndipo mwana akatentha thupi, woyezedwa malungo tsiku lomwelo ndi mwanayo, make musamukhudze ndi lumo.