Kuyenda ulendo muli ndi myasthenia gravis komanso mukumwa prednisolone

Matenda a myasthenia gravis, amene amafooketsa minofu, saletsa munthu kuyenda. Ambiri amene matendawa akhazikika amakwera basi, sitima ndi ndege bwinobwino. Chimene chimagoneka anthu m'chipatala ali kutali ndi kwawo kawirikawiri si kutopa kwa ulendo. Kumakhala kudumphitsa prednisolone (mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi amene amaperekedwa pa matendawa), kudwala matenda ena m'njira, kapena kupatsidwa mankhwala osayenera ndi dokotala amene sakudziwa mbiri yawo. Zonsezi n'zopeweka mukakonzekera musanachoke.

Chimene chimachitika m'thupi

Mtsempha wonyamula mauthenga ukafuna kuti mnofu ugwire ntchito umatulutsa uthenga wotchedwa acetylcholine, ndipo mnofuwo uli ndi malo olandirira uthengawo. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga malo amenewa. N'chifukwa chake mnofu umayamba bwino koma n'kumafooka mukaugwiritsa ntchito, kenako umatsitsimuka mukapuma. Chikope chimagwa, zinthu zimaoneka ziwiriziwiri, nsagwada zimalema chakudya chisanathe, mawu amatulukira m'mphuno. Kutentha, kusagona, nkhawa ndi matenda ena zimawonjezera kufookaku, ndipo ulendo umabweretsa zinayi zonsezi nthawi imodzi.

Musananyamuke

Onanani ndi dokotala wanu kukadali milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Ngati mwangoyamba kumene prednisolone, kapena akuwonjezerani mlingo posachedwa, ulendo uyambe wadikira: m'milungu iwiri yoyambirira mankhwalawa amatha kuwonjezera kufooka asanayambe kuthandiza, ndipo nthawi imeneyo muyenera kukhala pafupi ndi chipatala chanu. N'chimodzimodzi ngati kumeza kapena kupuma kwakhala kukuvuta m'masiku apitawa.

Pemphani kalata yofotokoza dzina la matenda, mankhwala onse ndi milingo yake, ngati anakuchotsani thymus (kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa), komanso mndandanda wa mankhwala oletsedwa kwa inu. Mayina alembedwe enieni a mankhwala, monga pyridostigmine (wochepetsa kufooka kwa minofu) osati Mestinon yokha, chifukwa mayina a makampani amasiyana dziko ndi dziko. Kalatayo muijambule pa foni, ina musungitse amene mukuyenda naye. Fufuzaninso chipatala cha kumene mukupitako chimene chili ndi makina othandiza kupuma, ndipo a inshuwalansi muwauze za matendawa poyera, chifukwa mukabisa akhoza kukana kulipira.

Za katemera, pali mmodzi wofunika kusamala naye kwambiri. Katemera wa yellow fever saperekedwa kwa munthu wa myasthenia gravis kapena amene ali ndi vuto la thymus, chifukwa akhoza kumudwalitsa mwakayakaya. Ngati dziko limene mukupita limafuna umboni wa katemerayu, dokotala alembe chikalata chosonyeza kuti simungabayidwe pa zifukwa za umoyo, ndipo muganizirenso bwino ngati ulendowo uli woyenera. Akatemera ena okhala ndi kachilombo kamoyo, monga wa chikuku, wa katsabola ndi wa typhoid wakumwa, saloledwa kwa amene akumwa prednisolone 20 mg kapena kuposa patsiku kwa milungu iwiri kapena kupitirira, ngakhalenso kwa amene ali pa mankhwala ena ochepetsa chitetezo cha m'thupi, azathioprine wambiri kapena mycophenolate. Wa chimfine wobaya, wa hepatitis A ndi wa typhoid wobaya alibe vuto limeneli.

Mapilitsi akhale m'manja mwanu

Mankhwala onse alowe m'chikwama cha m'manja, osati chimene chimapita pansi pa ndege kapena pamwamba pa basi. Tengani okwanira ulendo wonse, kuphatikizapo a mlungu umodzi kapena iwiri yapadera. Pyridostigmine amakoka chinyontho ndipo amafumbutuka akasiyidwa pamtunda, choncho akhale m'botolo lake lotseka bwino, ndipo musamasiye botololo m'galimoto yoima padzuwa.

Pyridostigmine amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30 mpaka 60, ndipo mphamvu yake imakhala maola atatu kapena anayi. Mukadutsa mayiko osiyana nthawi, werengani maola kuchokera pamene munamwa komaliza, musayang'ane wotchi ya pakhoma. Imwani kutatsala theka la ola kuti mudye, kutafuna ndi kumeza kupepuke. Musamawonjezere nokha mukamva kufooka. Akachuluka amapotola m'mimba, amatsegula m'mimba, amachulukitsa malovu ndi thukuta, minofu imanjenjemera, ndipo kufookako kumangokulirakulira.

Prednisolone sadumphitsidwa ngakhale tsiku limodzi

Pamwamba pa impso pali tiziwalo totchedwa adrenal timene timapanga cortisol, amene amasunga kuthamanga kwa magazi ndi shuga pamlingo woyenera, makamaka thupi likakhala pamavuto. Munthu akamwa prednisolone kupitirira milungu itatu kapena inayi, tiziwaloti timagona, poti ntchito yake ikugwiridwa ndi mapilitsi. Mapilitsi akasowa mwadzidzidzi, sitidzuka msanga. Munthu amayamba nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, chizungulire akaimirira, kusokonezeka mutu, ndipo akhoza kukomoka n'kumwalira.

Apa ndi pamene kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa paulendo kumaopsera. Mukasanza pasanathe theka la ola chimwereni prednisolone, imwaninso mlingo womwewo. Mukasanzanso, musayesenso kachitatu: pitani kuchipatala mukabayidwe hydrocortisone wolowa m'malo mwa cortisol, amene kwa munthu wamkulu amakhala 100 mg. Ngati mukupita kutali ndi zipatala, funsani dokotala wanu ngati angakupatseni jakisoniyu kuti muyende naye, ndipo inu ndi mnzanu wa paulendo muphunzitsidwe kabayidwe kake pantchafu. Gwirizananinso za mlingo wa masiku odwala. Kawirikawiri amene amamwa zosakwana 10 mg patsiku amauzidwa kukweza kufika pa 10 mg thupi likatentha, koma zanu zilembedwe m'kalata muja.

Prednisolone amamwedwa m'mawa, mutadya. Ngati kumene mukupita nthawi ikusiyana ndi maola ambiri, sunthani ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse mpaka ifike m'mawa wa kumeneko. Kumwa msanga pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kuchedwa kwambiri.

Zovuta zina za mankhwalawa zimakula paulendo. Amasunga madzi m'thupi, ndiye mapazi amatupa mukakhala pampando nthawi yaitali: chepetsani zamchere, gwedezani mapazi, imirirani n'kuyendako ola lililonse kapena awiri. Mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumapweteka, kakhale kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha. Amakweza shuga, makamaka masana ndi madzulo, choncho odwala shuga atenge kamakina koyezera, ndipo aliyense asanyozere ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Amasowetsa tulo ndi kupsetsa mtima msanga. Auzeni anzanu zimenezi pasadakhale, koma musathamangire mapilitsi ogonetsa, chifukwa amafooketsa kupuma. Mutu ukawawa imwani paracetamol. Ibuprofen ndi diclofenac akaphatikizana ndi prednisolone amayambitsa zilonda za m'mimba. Khungu limakhala lopyapyala, kabala kakang'ono kamachedwa kupola, ndiye katsukeni ndi kukamanga msanga.

Chinanso chosaoneka: prednisolone amabisa kutentha thupi. Mukhoza kudwala kwambiri thupi lili lofunda pang'ono chabe. Mukakhala pafupi ndi wodwala chikuku, katsabola kapena mashingozi pamene inu simunadwalepo kapena kubayidwa katemera, onanani ndi dokotala osadikira zizindikiro.

Mankhwala oti muwakane

Ena mwa mankhwala amene apaulendo amapatsidwa kawirikawiri ndi omwewo amene amavulaza wodwala myasthenia. Ciprofloxacin ndi levofloxacin, operekedwa potsegula m'mimba kapena pa matenda a chikhodzodzo, akhoza kufooketsa kupuma m'maola ochepa, ndipo pamodzi ndi prednisolone amatha kudula mtsempha wa kuchidendene. Azithromycin, erythromycin ndi gentamicin nawonso ndi oopsa. Pa malungo, pewani chloroquine, quinine ndi mefloquine; woteteza amene madokotala amakonda kusankha ndi atovaquone-proguanil, pamodzi ndi neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Magnesium wa m'dripi ndi mankhwala monga propranolol alinso pamndandandawu. Izi sizikutanthauza kuti matenda asiyidwe osachizidwa, popeza matendawo paokha amadzutsa myasthenia. Onetsani kalata yanu musanalandire chilichonse, kuti asankhe mankhwala ena.

Kusunga mphamvu m'njira

Pemphani mpando wa matayala wa pabwalo la ndege kutatsala maola 48, ngakhale mumayenda nokha kunyumba. Mtunda wa m'mabwalo akuluakulu ndi mizere yoimirira zimatha mphamvu zimene mukanafika nazo. Zofunika kwambiri muzichite m'mawa, tsiku loyamba likhale lopuma. Pewani dzuwa la masana ndi kusamba madzi otentha kwambiri. Kansalu konyowa kozizira pakhosi ndi pazikope kamathandiza. Ngati mukuona ziwiriziwiri, musayendetse galimoto. Idyani mutakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo musalankhule chakudya chili m'kamwa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Musanachoke, kokani mpweya wambiri n'kuwerenga mokweza, manambala awiri pa sekondi, mpaka mpweya uthe. Lembani nambala imene mwafika. Paulendo chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo. Ikatsika kwambiri poyerekeza ndi ya masiku onse, kapena ikapanda kufika 20, pitani kuchipatala. Pitaninso nthawi yomweyo ngati mukulephera kugona chagada chifukwa cha befu, mukutsamwa ndi malovu anu, madzi akutulukira m'mphuno pomwa, mutu ukugwera kutsogolo, chifuwa chilibe mphamvu yotsokomola, kapena mukupumira pakati pa chiganizo.

Kamakina ka pachala koyezera oxygen kasakunamizeni. Pa myasthenia nambala yake imakhala yabwino mpaka minofu yopumira itatsala pang'ono kuleka. Mukafika, nenani kuti muli ndi myasthenia gravis, mukumwa prednisolone, ndipo mukupempha kuti ayeze mphamvu ya kupuma kwanu. Mawu akhoza kukutherani panthawiyo, choncho chiganizo chimenechi chilembedwe pakhadi m'chilankhulo cha kumene mukupitako, ndipo khadilo likhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama.