Mwana asatupe tikuona: uthenga kwa makolo a ku Mulanje ndi ku Thyolo

Uthenga uwu ndi wa amayi, abambo, agogo, eni mbumba ndi mafumu, makamaka kumene pakhomo pali mwana wosakwana zaka zisanu kapena mayi woyembekezera. Tikukamba za kunyentchera kwa ana, ndi zimene eni mudzife tingachite ndi manja athu galimoto ya chimanga cha thandizo isanafike.

Kumene vutoli limachokera

Mlendo akamadutsa pa msewu wa ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka ku Muloza amangoona kubiriwira mbali zonse, n'kumati kuno njala kulibe. Koma kubiriwira kwambiri kumeneko ndi kwa tiyi wa m'maesiteti, ndipo mwana sakhuta tiyi. Anthu tachuluka, minda yathu ndi ting'onoting'ono, ndipo mabanja ambiri chimanga chimawathera mvula isanagwe n'komwe. Nthochi zimene zinkatipulumutsa, makamaka ku Thyolo, zinatha ndi matenda a chisaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba, ndipo chaka chotsatira ng'amba inapsereza mbewu mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi.

Pali chinthu china chimene sitichitchula kawirikawiri. Miyezi imene nkhokwe imakhala yopanda kanthu, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi yomwenso tiyi amathyoledwa kwambiri, ndi yomwenso kumunda kumafuna kupalira ndi kubandira. Mayi amalawira m'bandakucha kupita kuganyu, n'kusiya mwana wa miyezi khumi kumsana kwa mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi kambale ka phala lamadzimadzi loti limufikitse madzulo. Mayi ameneyu si waulesi ayi. Tisamunyoze pasikelo, chifukwa wonyozedwa mwezi wamawa sabweranso, ndipo wovutika amakhala mwana.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba, ndipo kumakhazikika m'masiku 1000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso ubongo ndi mmene mwanayo adzakhozere kusukulu.

Mmene mungazindikirire

Kunyentchera koopsa kumabwera ndi nkhope ziwiri. Mwana wina amaonda mpaka nthiti kuwerengeka, khungu la m'matako n'kukwinyika ngati kabudula womukulira, nkhope n'kuoneka ngati ya nkhalamba. Ameneyu aliyense amamuona. Wovuta ndi wotupa, chifukwa amapusitsa. Mapazi amatupa, masaya amadzadza, ndipo anthu amati mwana wanenepa. Koma yang'anitsitsani: tsitsi lafiira ndipo likusosoka, khungu likusupuka, mwana sakusewera, amangolira monyinyirika ndipo chakudya akuchikana.

Kuyeza kutupa sikufuna chida chilichonse. Khazikani mwana pamiyendo panu, gwirani mapazi onse awiri, dinani pamwamba pa phazi lililonse ndi chala chachikulu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenaka chotsani. Pakatsala kadzenje kumapazi onse awiri, nyamukani tsiku lomwelo. Musadikire tsiku la sikelo.

Chida china ndi tepi ya MUAC, yoyezera kukula kwa mkono wa mwana, imene alangizi a zaumoyo amakhala nayo, ndipo m'midzi yambiri amaphunzitsa amayi kuyeza okha. Amayezera ana a miyezi 6 mpaka 59, pakati pa phewa ndi chigongono. Ikagwera pobiriwira, mwana ali bwino. Pachikasu, kuyambira masentimita 11.5 mpaka 12.5, mwana wayamba kutsika ndipo akufunika kuonedwa sabata yomweyo. Pofiira, kuchepera masentimita 11.5, moyo wa mwana uli pachiswe.

Tikambepo za tsempho, chifukwa kuno nkhaniyi imatichedwetsa kwambiri. Mwana akatupa, akuluakulu ena amati wasemphedwa, bambo kapena mayi sanasunge mwambo. Banja limakhala pansi, anthu amalozana zala, ena amapita kukafuna mankhwala a zitsamba, masiku n'kumapita. Ndinaonapo agogo ena atafika kuchipatala ndi mdzukulu wotupa mpaka m'maso, atatha masabata awiri akuzenga mlandu wa mkamwini. Mwanayo anachira, koma anagonekedwa nthawi yaitali, pamene akanabwera msanga akanangolandira chithandizo n'kubwerera kwawo. Agogo, amalume, ngati pali zokambirana za m'banja, zikambidwe mwana ali kale m'manja mwa achipatala.

Thamangirani kuchipatala usiku omwewo ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, walefuka kwambiri, akupuma mobanika kapena thupi latentha kwambiri.

Chithandizo chilipo

Mwana wonyentchera kwambiri koma amene akadali ndi chilakolako cha chakudya amalandira chiponde cha kuchipatala cha m'mapaketi n'kumadyera kunyumba, n'kumabwera kudzayezedwa pa masiku amene achipatala anena. Amene wafooka, kapena ali ndi matenda ena, amagonekedwa ku NRU, chipinda cha ana onyentchera kuchipatala, kumene amayamba ndi mkaka wapadera. Kuzipatala za boma chithandizochi n'chaulere. Achipatala amayezanso malungo, HIV ndi TB, chifukwa matenda amenewa amayendera limodzi ndi kunyentchera, musakane.

Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi yekhayo. Tikudziwa kuti n'kowawa kudyetsa mwana mmodzi ena atatu akuyang'ana ndi njala, ndipo tikudziwanso kuti pamsika pali ogula. Koma mapaketi amawerengedwa molingana ndi sikelo ya mwanayo, ndipo akagawana sachira. Musachisungunule m'madzi. Ng'ambani pakona, mwana azidya pang'onopang'ono, madzi abwino akumwa ali pambali. Ngati akuyamwa, ayambe wayamwa kaye.

Phala loti liime pasupuni

Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe mwakathithi: osamupatsa madzi, dawale, tiyi kapena mankhwala a zitsamba. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe phala, koma bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupyola. Mayi akaima mwana akadali kubere, asamuletse mwadzidzidzi. Mkakawo sunaonongeke, ndipo ana ambiri otupa amene timawaona ndi amene analetsedwa kuyamwa motero.

Kamimba ka mwana n'kakang'ono, ndiye chimene chalowamo chikhale cha phindu. Phala la ufa woyera lothira mchere ndi madzi ambiri limangodzaza mimba. Phikani la mgaiwa, lolimbirako loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Muthiremo nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena nandolo wophika wochotsa makoko ndi kupota. Tsiku lina usipa kapena bonya wosinja, tsiku lina dzira. Onjezerani masamba ophika osinja, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso kapena kholowa, ndi kasupuni ka mafuta. Nyengo ya mapeyala, peyala lokha limalowa m'malo mwa mafuta, ndipo kuno timaligulitsa motchipa kwa mavenda pamene ana athu akulisowa. Dzira silichedwetsa mwana kuyankhula, ndipo mayi woyembekezera akadya dzira mwana sabadwa wopanda tsitsi.

Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku. Kuyambira miyezi 9, katatu kapena kanayi, ndi kachipatso kapena kambatata pakati. Akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa pa mbale ya gulu wamng'ono amagonja. Pa sikelo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Simungawakwanitse onse tsiku lililonse m'mwezi wa Febuluwale, koma atatu kapena anayi amapezeka.

Samalani ndi mtedza kapena chimanga chochita chuku. Musachipititse kuchigayo pamodzi ndi chabwino, ndipo musapangire nsinjiro za mwana. Chinangwa chowawa chisendedwe, chiviikidwe masiku angapo ndi kuumitsidwa bwino chisanadyedwe. Mwana akatsegula m'mimba, mupatseni Thanzi ORS ndi zinki, ndipo musaleke kumudyetsa. Azigona m'neti, azilandira vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba akakwanitsa chaka.

Zimene mudzi ungachite pamodzi

Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'midzi yathu muli kale zinthu zimene zikugwira ntchito. Amayi a m'magulu otchedwa care group amayendera makomo oyandikana nawo, kuyeza ana ndi kuphunzitsana kaphikidwe. Tsiku lophika limodzi ndi lofunika kuliona. Pansi pa mtengo wa mango pamakhala mafuwa atatu ndi mphika umodzi waukulu. Uyu wabwera ndi kapu ya mgaiwa, uyu kamtedza m'nsalu, uyu nkhwani za kuseri kwa bafa, wina nkhuni zokha basi. Palibe wabwera ndi zokwanira, koma phala likapsa ana onse amadya, ndipo mayi amene ankati mwana wake sakonda kudya amamuona akunyambita supuni.

Sukulu za mkombaphala zimaima kapena kugwa ndi munda wa mudzi. Kumene amfumu apereka kamalo, makolo n'kulima chimanga ndi soya, ana amamwa phala mpaka m'miyezi ya njala. Kumene kulibe munda, sukulu imatsekeka mu Januwale, nthawi yomwe imafunika koposa. Amfumu, nkhaniyi ikambidwe pabwalo nthawi yokolola, aliyense akadali ndi kambale koti asonkhe.

Nandolo ndiye chuma chathu kuno, koma timagulitsa yense pa mtengo wolira mavenda akangoimika sikelo, kenaka n'kumadya nsima ndi masamba okhaokha. Musanagulitse, patulani thumba la ana, musunge mouma. Abambo, apa ndi panu: ndalama ya nandolo kapena ya kuesiteti ikabwera, ya mtedza ndi usipa wa mwana ichoke poyamba. Magulu a banki mkhonde angathe kugwirizana zogula chimanga pamodzi nthawi yokolola, mtengo uli pansi, kuti mamembala adzabwerekane m'Febuluwale m'malo mokatenga katapila.

Malo akachepa, dimba la pakhomo limakwana ngakhale m'thumba lodzaza dothi ndi manyowa, lothiriridwa ndi madzi otsukira mbale. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, ili ndi vitamini A wambiri, imacha m'miyezi yochepa, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Funsani alangizi a zaulimi za mbewu yake. Ku Bvumbwe komweku kuli malo a boma ofufuzira za mbewu zoterezi. Amene wapeza mbewu agawireko mnzake. Masamba akachuluka nthawi ya dzinja, futsani mfutso n'kuumitsa pamthunzi.

Ndipo pamene akulemba maina a olandira chimanga cha thandizo kapena Mtukula Pakhomo, kalembera achitikire poyera. Khomo la agogo olera ana amasiye, la mayi woyamwitsa amene ali yekha, ndi la mwana amene ali pa chiponde asadumphidwe. Thandizo limeneli siligulidwa ndi ndalama kapena ndi thupi. Wina akakuuzani zotero, kanenenitu ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupolisi kapena ku ofesi ya DC.

Sabata ino, dinani mapazi a mwana aliyense wosakwana zaka zisanu pakhomo panu ndi pa khomo loyandikana nalo, pezani buku lake la kuchipatala, ndipo funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku la sikelo yotsatira.