Kuyandikitsa ndi kutalikitsa pulani pakompyuta

Amene munatsikapo ndi msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kubwera kuno ku Chikwawa mukudziwa malo aja m'makhota pomwe chigwa chonse chimaonekera pansi. Shire amaoneka ngati ulusi, minda ya nzimbe ngati mphasa zoyanika padzuwa. Mukafika pa mlatho wa Kamuzu, ulusi uja ndi chimtsinje choti popanda mlatho kapena bwato simuoloka. Mtsinjewo sunakule ayi, mwayandikira ndinu.

Ine ndimajambula mapulani a ngalande za mthirira ndi makalavati pa AutoCAD, pulogalamu ya kampani ya Autodesk yomwe inatuluka koyamba mu 1982. Achinyamata akabwera kudzaphunzira ntchito, ndimayamba ndi nkhani ya makhotayi, chifukwa ndi zomwe lamulo la ZOOM limachita. Limasuntha diso lanu basi. Ngalande yotalika mamita 800 imakhalabe mamita 800, kaya yadzaza sikirini yonse kapena yatsala kadontho. Pali lamulo lina, SCALE, lomwe limakuza kapena kuchepetsa chinthu chenichenicho. Wina akaona kuti pulani sikukwana pasikirini n'kuthamangira ku SCALE, wafupikitsa ngalande, wachepetsa munda, ndipo miyeso yonse yomwe asaveya anavutikira padzuwa la kuno yapita.

Zambiri zimatheka ndi kagudumu ka pa mausi. Kukazunguza chakutsogolo n'kuyandikira, chakumbuyo n'kutalikira, ndipo kompyuta imalunjika pomwe mwaloza. Mukakapanikiza n'kukoka, pulani imasunthira m'mbali. Mukakadina kawiri mofulumira, zonse zomwe zili mu fayilo zimabwera pasikirini, zomwe timati Zoom Extents. Zimathekanso polemba Z, Enter, E, Enter. Mukalemba W m'malo mwa E mumazunguliza kabokosi pomwe mukufuna kuona, ndipo P imakubwezerani pomwe munali. Ngati kagudumu kakulumpha kwambiri, lembani ZOOMFACTOR. Nambala yake imayambira pa 3 kukafika 100, ndipo imabwera ili pa 60; ine ndimaitsitsa ndikamagwira pamalo pothinana monga pa geti yogawira madzi.

Nthawi zina kagudumu kamangoima, kompyuta n'kunena kuti yatalikira mpaka pamapeto. Siinawonongeke. Lembani REGEN kuti iwerengenso chojambula chonse, kagudumu kayambanso. Lamulo lomwelo limakonza mizere yozungulira yomwe mukaiyandikira imaoneka yamakonamakona.

Vuto lomwe limaopsa ambiri ndi ili: munthu wadina Zoom Extents, sikirini yangoti bii, pulani ya mlungu wonse yasowa. Ndinamupezapo mtsikana wina muofesi misozi ili chilengelenge, wayamba kale kujambulanso. Pulani yake inali pomwepo.

Chimachititsa ndi manambala a asaveya. Pa UTM, njira yolembera malo ndi manambala, mbali yathu ino ili mu zoni 36 ya kummwera, ndipo malo ngati Nchalo amagwera cha pa 700,000 kummawa ndi 8,200,000 kumpoto, kuwerengera m'mamita. Pulani yojambulidwa pa manambala enieniwa imakhala kutali zedi ndi poyambira pa AutoCAD, pomwe ndi 0,0. Tsono kamzere kamodzi kapena kachilembo kakagwera mwangozi pa 0,0, monga zimachitikira pokopera zinthu kuchokera mu fayilo ina, Zoom Extents imayesetsa kuonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi. Pakati pake pali mtunda woposa makilomita 8,000. Pa mtunda wotero, ngakhale ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ingaoneke ngati njere ya mawere, nanji kasikimu ka mahekitala makumi awiri.

Mukazindikira zimenezi, kukonza sikuvuta. Dinani Ctrl ndi A pamodzi. Timabokosi tabuluu tioneka pa zinthu zomwe zili mu fayilo (ngati n'zoposa 100, yambani mwaika GRIPOBJLIMIT pa 0), ndipo muona mulu waukulu ngodya ina, kakang'ono ngodya ina. Dinani Esc, zungulizani kakang'onoko, lembani Z kenako O kuti mukaone bwino chomwe chili, ndipo ngati n'chinyalala, chifufuteni. Ena amakonda njira yachidule yofufuta zonse ndi ERASE ndi ALL, n'kupatula pulani yeniyeniyo. Njirayi sindiilimbikitsa kwa ophunzira, chifukwa ALL imatenganso zinthu za pa maleya (magulu omwe timagawamo zojambula) omwe munangowazimitsa, zomwe simukuziona. Dziwaninso kuti leya yozimitsidwa imawerengedwabe pa Zoom Extents; kuti isawerengedwe muyenera kuiumitsa ndi Freeze. N'chifukwa chake nthawi zina mumafunafuna chinyalalacho osachiona: chabisala pa leya yozimitsa.

Tsopano pali malo amodzi pomwe mawu anga oyamba aja, akuti ZOOM siisintha kanthu, sagwira. Pulani timaijambula mu Model, pa miyeso yake yeniyeni, koma timaisindikiza kuchokera pa Layout, tsamba loimira pepala. Patsambalo pamakhala zenera, viewport, loonetsa za mu Model pa sikelo yomwe mwasankha. Pa 1:500, sentimita imodzi papepala ndi mamita 5 pansi. Mukadina kawiri mkati mwa zeneralo n'kugwedeza kagudumu ngakhale pang'ono, sikelo ija yasintha, pomwe pansi pa pepala padalembedwabe 1:500.

Izi zinationekerapo pa ntchito ina chakumunsi kwa Ngabu. Pulani inapita kumunda ndi sikelo yosokonekera, ndipo a kapitawo, posowa muyeso umodzi womwe sunalembedwe, anaika rula papepala. Anthu anakumba masiku awiri, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, pamalo olakwika. A kapitawo analibe mlandu, pepala linawanamiza. Kuyambira pamenepo palibe pulani yomwe imatuluka m'manja mwanga ndisanakiye zenera. Mukaika sikelo, sankhani zeneralo n'kudina kaloko komwe kali pamzere wapansi pasikirini. Likakiyidwa, mutha kuyandikira ndi kutalikira mmene mungafunire, tsamba lonse limayenda pamodzi, sikelo osasuntha.

Samalaninso ndi mayunitsi. Ngati munajambula m'mamita pomwe pepala lili m'mamilimita, kusankha 1:500 pamndandanda sikupereka 1:500 yeniyeni. Milimita imodzi papepala iyenera kuimira theka la mita, choncho mkati mwa zenera mumalemba Z kenako 2xp. Mukasindikiza, tengani rula muyeze mzere umodzi womwe mukuudziwa kutalika kwake. Ndimaikanso kamzere ka sikelo papulani iliyonse, chifukwa pepala likakafika pa mashini ofotokopa pa Boma kapena ku Bangula n'kuchepetsedwa kuchoka pa A3 kupita pa A4, kamzereko kamachepa limodzi ndi pulani, pomwe nambala yolembedwa ija imatsala ikunena zakale.

Musanatseke fayilo madzulo, dinani kagudumu kawiri, muonetsetse kuti pulani yonse yadzaza sikirini, kenako sungani. Mnzanu wotsegula mawa adzapeza pomwe mwasiyira, ndipo ngati kanthu kagwera pa 0,0 mukaona lero lomwe, mukukumbukirabe komwe kachokera.